Ejenti wa pafoni akufuna kulowa bizinesi ya makala a zinyalala ku Zomba

Funso: Ndine ejenti wa Airtel Money ndi TNM Mpamba ku Chinamwali, ndimagulitsanso mayunitsi ndi matchaja. Patha zaka zinayi ndipo kiyosiki ikuyenda. Ndimamva za amalonda amene anayambira pa mafoni kenako n'kutsegula makampani osandutsa zinyalala kukhala mafuta. Nanenso ndikufuna njira imeneyo, poti zinyalala pamsika wa Zomba zangoti mbwee. Ndiyambire pati, dizilo wa mapulasitiki, gasi, kapena makala oumba? Nanga ndingatapeko pa floti kuti ndigule makina?

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi limene lingakuvulazeni msanga. Floti musaikhudze. Ndalama ili m'laini ya ejenti ndi imene ili m'kabati si phindu ayi, ndi khasu lolimira. Kwacha ya floti imazungulira kangapo pa tsiku: uyu waika, uyo watapa, madzulo yabwerera momwemo itakuberekerani komishoni. Kwacha imene mwaika m'makala oumba imagona. Zitsononkho mumasonkhanitsa mu Juni, mumawotcha ndi kuumba kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala dzuwa likuswa mtengo, koma mtengo wabwino wa makala umabwera mvula ikagwa, Disembala mpaka Malichi, misewu yakumidzi itaterera ndipo a njinga za makala atachepa. Ndalama yanu ikhala m'matumba miyezi inayi kapena isanu. Nthawi yonseyo pakiyosiki mudzakhala mukuuza anthu kuti "floti yatha, yesani apo," ndipo munthu amene wabwezedwa kawiri sabweranso, makiyosiki ali pamzere. Kumbukiraninso kuti kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 katundu anakwera, anthu akutumizirana ndalama zokulirapo pa zinthu zomwezo, choncho floti imene inkakwana kale lero ndi yoperewera. Mpamba wa makala uchokere mu komishoni yokha. Patulani gawo mwezi uliwonse, muike pa akaunti ina, ndipo kabuku kake kakhale kosiyana ndi ka pakiyosiki.

Za amalonda akuluakulu mukumvazo n'zoona, koma muzimvetsetse. Laini ya Airtel mukugwirayo inayamba ngati Celtel, kampani ya Mo Ibrahim wa ku Sudan, imene inafika kuno mu 1999, n'kusanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Ibrahim sanalowe m'mafoni chifukwa chomva mbiri. Anali injiniya wa mafoni am'manja ku British Telecom asanatsegule kampani yake, ndipo Celtel anaigulitsa mu 2005 pa madola 3.4 biliyoni. Strive Masiyiwa wa Econet ku Zimbabwe anayamba ndi kampani ya zamagetsi, n'kukokanakokana ndi boma m'makhoti zaka zisanu asanayatse netiweki yake mu 1998. Onsewa analowa ntchito imene manja awo ankaidziwa kale. Kumbali ya mafuta ochokera ku zotsalira, chitsanzo chili konkuno. Ethco ku Dwangwa yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku molasesi wa nzimbe kuyambira 1982, PressCane ku Chikwawa kuyambira 2004, ndipo ethanol ameneyo amasakanizidwa mu petulo. Taonani kumene anaimika mafakitale awo: kufupi ndi opanga shuga, kumene chotsalira chimatuluka cha mtundu umodzi, chochuluka, chaka ndi chaka. Mulu wa pamsika suli choncho. Muli tomato wowola, masamba a kabichi, makoko a nthochi, majumbo, mchenga wosesa, ndipo gawo lalikulu la kulemera kwake ndi madzi. Mukalipira lole kuti iunyamule, mwalipira kunyamula madzi ndi mchenga.

Dizilo wa mapulasitiki musiyeni. Amapangidwa potenthetsa pulasitiki m'thanki yotsekedwa, mopanda mpweya, mpaka madigiri 400 kapena 450, nthunzi yake n'kuidutsitsa m'paipi yozizira kuti isanduke mafuta. Majumbo, ndowa ndi mabeseni osweka amatulutsa mafuta. Mabotolo a madzi ndi zakumwa satulutsa kwenikweni, m'malo mwake amasiya ufa woyera umene umauma m'paipi n'kuitseka, ndipo paipi ikatsekeka moto uli pansi, thankiyo yasanduka bomba. Mapaipi a PVC amatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo ndi mapapo omwe. Chotuluka kumapetocho si dizilo weniweni. Chimakhala ndi phula limene limagwirana m'mawa wozizira wa Juni ndipo chimatseka ma injector, timilomo topopera mafuta mu injini. Kuti chiyeretsedwe pamafunika makina ena otchezera. Pamwamba pa zonsezi, kupanga ndi kugulitsa mafuta agalimoto kumafuna chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndi kukwaniritsa muyeso wa MBS, bungwe loona za miyeso ya katundu. Imeneyi si ntchito ya komishoni ya kiyosiki imodzi.

Gasi wa zinyalala ndi weniweni ndipo amaphikitsa bwino, koma amafuna kuti chomupangira ndi mbaula zikhale pabwalo limodzi. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi za ng'ombe imapereka gasi pafupifupi malita 40. Banja lophika katatu limadya malita 1,500 kapena kuposa pa tsiku, ndiye ndowe makilogalamu 40 tsiku lililonse, zosakaniza ndi malita 40 a madzi. Zimenezo ndi ng'ombe zitatu kapena zinayi za m'khola. Phalalo limayenera kukhala m'dzenje masiku 50, choncho malita 80 kuchulukitsa ka 50 ndi malita 4,000, kuwonjeza malo a gasi pamwamba, dzenje la malita 6,000. Tizilombo topanga gasiyu timakonda kutentha, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka m'munsi mwa phiri la Zombali, gasi amachepa pa nthawi imene anthu akufuna moto wambiri. Zotsala za pamsika zimapereka gasi wochuluka kuposa ndowe, koma mukazithira zambiri nthawi imodzi dzenje limasasa, gasi amaleka kuyaka, ndipo kuti lidzuke mumasiya kudyetsa masabata angapo n'kuthiramo ndowe zatsopano. Chachikulu pa malonda ndi ichi: gasi ameneyu salowa m'masilinda ngati uja wa pa filing'i siteshoni, chifukwa sasanduka madzi pomupanikiza. Simungamunyamule pa kabaza. Ndalama yake ili pomangira ena, alimi a ng'ombe zamkaka, masukulu ogonera, malo ophera nyama, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wodziwa kumanga chipupa chosatulutsa mpweya.

Tatsala ndi makala oumba, aja ambiri amati mabriketi. Apa mungayambe ndi komishoni ya miyezi yowerengeka, ndipo mukalakwitsa mumataya thumba la zitsononkho, osati nyumba. Koma tengani cholembera, chifukwa masamu ake amagwetsa ulesi anthu ambiri atagula kale makina. Mgolo wa malita 200 umalowa zitsononkho zouma makilogalamu 25 mpaka 30. Zikapsa bwino mumatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, makilogalamu 7 kapena kupitirirako pang'ono. Thumba la makala oumba la makilogalamu 50 likufuna kuwotcha migolo 7, zitsononkho zokwana makilogalamu 200. Thumba limodzi la chimanga chotonola limasiya zitsononkho pafupifupi makilogalamu 10. Ndiye thumba limodzi la makala anu ladya zitsononkho za matumba 20 a chimanga. Komanso si zotayidwa monga mukuganizira, amayi kumudzi amaphikira, ndipo mukazifunsa kawiri zikhala ndi mtengo.

Choncho funani kumene zaunjikana pamalo amodzi: minda ikuluikulu ya chimanga, ogula mtedza amene amaswera pamalo amodzi, minda ya nandolo itakololedwa poti mitengo yake imapsa bwino kwambiri, zigayo za mpunga za kumbali ya Likangala ndi ku Chilwa, ocheka matabwa a paini wa m'phiri, ndi malo ogulitsira makala kumene fumbi ndi zinyenyeswa zimadzaza pansi. Fumbi la makalali ndi lopsa kale ndipo moto wake ndi wamphamvu kuposa zonse, vuto lake ndi mchenga umene amasesera limodzi. Tengani chikho chimodzi, thirani m'botolo la madzi, khutchumulani, dikirani: mchenga umakhala pansi msanga ndipo muona ngati mukugula makala kapena dothi. Za mayendedwe, zinthu zonsezi ndi zopepuka koma zodzaza malo. Mgolo umakwera panjinga. Pitani nawo kumene kuli zitsononkho, muwotchere komweko, mubwere ndi thumba limodzi m'malo mwa anayi.

Mgolo ukhale wachitsulo. Ngati munali petulo kapena mankhwala, wowotcherera audzaze madzi asanaudule, chifukwa nthunzi yotsalira imaphulika ndi moto wa galainda. Kunsi boolani mabowo 10 kapena 12 a masentimita 3. Pamwamba dulani khomo la masentimita 25 mbali zonse, ndipo chivindikiro chikhale chitsulo china chokulirapo kuposa khomolo. Imikani mgolo pa njerwa zitatu ngati mafuwa. Ikani mtengo wonenepa ngati mkono pakati, thirani zitsononkho mozungulira mpaka kudzaza, kenako zulani mtengowo. Mwasiya njira ya mpweya. Yatsani kunsi ndi udzu wouma.

Kuyambira apa maso akhale pa utsi. Woyamba ndi woyera, wochuluka, amenewo ndi madzi akuchoka, ndipo umatha mphindi 10 mpaka 20 malinga ndi kuuma kwa zitsononkho. Kenako umasanduka wachikasu, wonunkha, wolilitsa maso. Ponyani kamoto pakhomo paja, utsiwo umagwira n'kuyaka lawi lalitali, ndipo oyandikana nawo amaleka kudandaula. Lawilo likayamba kufupika, utsi n'kupyapyala kukhala wabuluu, nthawi yakwana. Vindikirani, chotsani njerwa ndi mtengo wautali kuti mgolo ukhale pansi, matani dothi lonyowa kuzungulira kunsi ndi m'mphepete mwa chivindikiro. Pasakhale popumira. Dikirani maola awiri kapena atatu mpaka mutha kuugwira ndi dzanja. Mukachedwa kutseka, mudzapeza phulusa loyera pamwamba ndi makala okwana makilogalamu 3. Mukafulumira, chitsononkho chimada kunja koma mkati chili chofiirira, sichiphwanyika pochisinja, ndipo chimakafuka m'khitchini ya kasitomala. Chopsa bwino chimakhala chakuda mpaka mkati ndipo chimatekedzeka ndi zala. Mukakhuthula, yalani pansi usiku umodzi musanaike m'thumba. Kakhala kamodzi kobisala kamatha kudya thumba lonse ndi shedi yomwe. Ndi migolo inayi ndi anyamata awiri, mukuwotcha kawiri pa tsiku, mupeza makilogalamu 50 mpaka 60.

Mankhusu a mpunga ndi nkhani ina, ndipo poti ku Zomba ndi ochuluka amakopa anthu. Mumgolo sapsa, chifukwa amathithikana mpweya osadutsa. Amafuna chitini chachikulu chobooledwa ponseponse, chokhala ndi chumuni cha mita imodzi ndi theka pamwamba. Mumasonkha moto wa nkhuni pansi, kuvindikira ndi chitinicho, n'kuunjika mankhusu mozungulira ngati chulu. Moto umayenda kuchokera mkati kupita kunja kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo paliponse pamene pada mumakwirirapo mankhusu ena, mpaka mulu wonse wada, kenako kuufalitsa ndi fosholo n'kuwaza madzi. Utuchi umawotchedwa chimodzimodzi, ukauma kaye, poti wa paini wongochekedwa kumene pafupifupi theka lake ndi madzi. Chenjerani ndi mankhusu: gawo limodzi mwa magawo asanu ndi phulusa la mtundu wa mchenga, ndipo akapsa phulusalo limafika pafupifupi theka la chotsalacho. Makala oumba a mankhusu okhaokha amaoneka okongola koma amatsamwitsa mbaula nsima isanapse. Asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a chosakaniza chanu.

Zopsazo zisinjeni mumtondo kapena kuzimenya ndi mtengo zili m'thumba, n'kuzisefa pa waya wa mabowo a mamilimita 3 kapena 4. Osinja avale chotchinga pamphuno, fumbi limeneli si lamasewera. Lamiyalamiyala siligwirana, pamene lofewa kwambiri ngati ufa woyera limathithikana n'kuvuta kuyaka.

Chomatira chabwino ndi ufa wa chinangwa, kaya wa makaka kaya kondowole, ndipo makaka ofumbwa amene palibe akuwafuna amagwira ntchito chimodzimodzi pa mtengo wotsika. Muyeso ndi kilogalamu imodzi ya ufa pa makilogalamu 20 a fumbi. Sungunulani ufawo m'malita 2 a madzi ozizira, thirani m'malita 8 owira, takasani mpaka phala litasintha mtundu n'kuyamba kunanda. Ufa wosaphika sumata, ndipo ambiri amene amadandaula kuti makala awo akunyenyeka anangowaza ufa wauwisi. Phalalo ligwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo, likagona limasasa n'kutha mphamvu. Poyambira yesani chosakaniza ichi: makilogalamu 10 a zitsononkho zopsa, 6 a fumbi la makala, 4 a mankhusu opsa, kilogalamu imodzi ya ufa ndi imodzi ya dothi la pachulu losungunula m'madzi. Dothilo limachedwetsa moto kuti ukhalitse. Koma lili ndi mayesero ake, poti ndi laulere komanso lolemera pasikelo. Likapitirira kilogalamu imodzi pa 10 aliwonse, mukugulitsa njerwa, ndipo mayi amene wachedwetsa nsima ya abambo chifukwa cha inu adzauza mzere wonse. Kuti mudziwe ngati madzi akwana, finyani chibuluma m'dzanja: chisunge zala zanu osagumuka, koma madzi asadonthe.

Chikombole choyambira wowotcherera aliyense angakupangireni: paipi ya masentimita 5 m'mimba mwake, kutalika masentimita 10, kachitsulo kathyathyathya kunsi kokhala ndi kandodo ka sentimita imodzi koima pakati, ndi chotsindira chobooka pakati chimene mumamenya ndi hamala katatu kapena kanayi. Kandodoko kamasiya bowo limene limathandiza kuuma ndi kuyaka. Limodzi likauma limalemera pafupifupi magalamu 80, ndiye 12 pa kilogalamu, 600 pa thumba. Munthu mmodzi ndi paipi imodzi ndi ntchito ya theka la tsiku. Mukazolowera, wowotcherera yemweyo alumikize mapaipi 12 kapena 16 pa felemu imodzi yopanikiza ndi jeke ya galimoto.

Kuyanika ndi kumene Zomba amavutitsa. Mvula ya kuno ndi yambiri chifukwa cha phiri, ndipo ikangosiya, Juni ndi Julayi amabwera ndi chiperoni, masiku atatu dzuwa osaoneka. Mu Seputembala ndi Okutobala makala amauma masiku atatu kapena anayi. Mu Januwale sabata ndi theka imatha asanaume, ndipo chinangwa chija chimachita nkhungu yoyera. Musayanike pansi, mangani thandala la waya kapena nsungwi lofika m'chiuno kuti mphepo idutse kunsi, yalani osasanjikiza, tembenuzani tsiku lachiwiri. Tsiku loyamba akhale pa mthunzi wa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limaumitsa kunja msanga n'kuwang'amba. Ngati mukufuna kuumba m'dzinja, mangani shedi ya pulasitiki yoonekera, yochindikala, yokhala ndi potulukira mpweya pamwamba. Musakhulupirire dzanja, kunja kumauma mkati muli chinyezi. Sankhani makala 10, ikani chizindikiro, yezani pasikelo madzulo aliwonse. Kulemera kukasiya kutsika masiku awiri otsatizana, auma. Amakhala atataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la kulemera kwake. Kenako tengani limodzi, ligwetseni pa simenti kuchokera pachifuwa. Likasweka pawiri palibe vuto, likasanduka fumbi ndiye silingafike ku Matawale pa kabaza. Matumba asungidwe pa matabwa, osatsamira khoma.

Musanagulitse ngakhale kajumbo kamodzi, yesani nokha. Mbaula ziwiri zofanana, kilogalamu imodzi ya makala anu, imodzi ya makala amtengo, mapoto ofanana a malita 5 a madzi. Lembani mphindi zimene madzi atenga kuti awire, nthawi imene apitiriza kubwata, ndipo yezani phulusa. Likaposa magalamu 200 pa kilogalamu, chepetsani mankhusu ndi dothi. Mudzaona kuti anu amachedwa kugwira ndi kuwiritsa, koma amakhalitsa, nthawi zambiri maola atatu kapena kuposa. Zimenezi zikuuzeni amene mungamugulitse. Wophika tiyi wam'mawa mothamanga si wanu. Anu ndi malesitilanti ophika nyemba ndi nyama m'mapoto akuluakulu, owotcha mbatata ndi chimanga, ndipo koposa onse oweta nkhuku, amene amafunditsa anapiye masabata awiri kapena atatu oyambirira ndipo amatopa kudzuka pakati pa usiku kuwonjezera makala. Pezani anthu atatu otere, apatseni makilogalamu 5 aliyense kwaulere, bwererani pakatha masiku atatu mukamve zimene anena. Ophunzira a ku Chikanda ogula pang'onopang'ono adzabwera pambuyo.

Pali zizolowezi ziwiri za kukhitchini zimene zimapha malondawa ngati simuzinena pogulitsa. Amayi ambiri akatha kuphika amathira madzi pa makala kuti adzagwiritsenso ntchito mawa. Makala oumba akathiridwa madzi amasungunuka kukhala matope, ndipo mayiyo amati mwamubera. Muuzeni aziwaika m'chitini chovindikira, amazima okha ndipo mawa amayakanso. Chachiwiri ndi kugwedeza mbaula kuti phulusa ligwe: awa amaphwanyika, amafuna kutokosa pang'ono kunsi ndi kawaya. Palinso nkhani ya maso. Makala amtengo amagulitsidwa pa mulu kapena pa jumbo, ndipo anu poti ndi othithikana, kilogalamu yake imaoneka yochepa. Khalani ndi sikelo pogulitsira, wogula aone yekha. Majumbo opyapyala osafika ma micron 60 ndi oletsedwa m'dziko muno, choncho pakirani m'mapepala olimba kapena timatumba tosoka. Ndipo poti alibe utsi, anthu amaganiza kuti angawalowetse kuchipinda mu Julayi. Mpweya wake wosanunkha umapha chimodzimodzi ndi wa makala ena. Zimenezo lembani pa paketi, ndipo oweta nkhuku asiye popitira mphepo m'khola.

Za malamulo musazengereze. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kupanga, kunyamula kapena kugulitsa makala amtengo popanda chilolezo ndi mlandu. Wapolisi pa rodibuloko akaona thumba lakuda sayamba wafunsa kuti munali zitsononkho kapena tsanya. Pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma la Zomba ndi zitsanzo, zopsa ndi zosapsa, fotokozani zimene mukuchita, pemphani kalata yoyenda nayo. Mufunse komweko za fumbi la makala, chifukwa gwero lake ndi makala amtengo, ndipo akakuletsani wonjezerani zitsononkho ndi mitengo ya nandolo m'malo mwake. Malo owotcherera akhale kunja kwa nyumba zothithikana, ndipo laisensi ya bizinesi mukatenge ku khonsolo ya mzinda. Mukakula n'kuyamba kunyamula zinyalala za anthu ena, pamenepo pafunika MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe. Lembetsani dzina la bizinesi ndi kutenga TPIN, nambala ya msonkho, ku MRA, poti sukulu kapena bungwe lililonse lidzafuna invoisi. Mabungwe akuluakulu amagula zambiri koma amalipira mochedwa, choncho musawapatse katundu woposa amene mungapirire kudikira ndalama yake miyezi itatu.

Tsono chimene kiyosiki ikukupatsani pa bizinesi yatsopanoyi si ndalama kwenikweni. Mwazolowera kutseka buku madzulo aliwonse mpaka tambala, chinthu chimene opanga makala oumba ambiri alibe. Lembani chimodzimodzi: makilogalamu olowa mumgolo, otuluka, ufa, ganyu, kabaza, ndipo mudziwe mtengo wa kilogalamu imodzi musanatchule wogulitsira. Mukudziwa amene ali ndi lesitilanti, amene amaweta nkhuku, amene amalandira ndalama kumapeto kwa mwezi, poti onse amadutsa pawindo panu. Zinsinsi za ndalama zawo si zoti muzigwiritse ntchito, koma moni ndi paketi yoyesera palibe amene amaletsa. Ma ejenti anzanu a ku Sadzi, Mpondabwino ndi Songani amakhala pamalo amodzi tsiku lonse ndipo angasunge mapaketi 10 aliyense pa komishoni, ndalama n'kukutumizirani pafoni. Alimi okusonkhanitsirani zitsononkho muziwalipiranso pafoni mutayeza, kuti mnyamata asamayende ndi ndalama m'thumba. Chimene chingakupwetekeni ndi nthawi. Miyezi yoyamba mgolo ukufuna maso anu, ndipo pakiyosiki mudzaika wina. PIN ya laini, malire a ndalama zimene angatsale nazo, ndi kuwerengera kwa madzulo aliwonse zikonzeni musanayatse mgolo woyamba, ndipo mumuphunzitse za mauthenga abodza a "ndatumiza molakwika" poti akuba amanunkhiza ejenti watsopano.

Makina amagetsi mudzagule pamene maoda a mwezi uliwonse aposa zimene jeke ingakwanitse kwa miyezi itatu yotsatizana, komanso mutapeza zitsononkho ndi mathandala okwanira kuwadyetsa. Makina otulutsa makilogalamu 100 pa ola amamaliza m'theka la ola zimene migolo inayi yawotcha tsiku lonse, kenako amangokhala. Pokagula, nyamulani makilogalamu 20 a chosakaniza chanu, osati cha wogulitsa, muone chikutuluka. Funsani ngati mota yake ikufuna magetsi a three-phase, chifukwa a m'nyumba sangaiyendetse ndipo kukoka laini yotere kwa ESCOM ndi ndalama ina. Tsegulitsani muone screw ya mkati, chitsulo chozungulira chimene chimakankha chosakaniza. Mchenga ndi phulusa la mankhusu zimaidya ngati tupa, ndipo ikalala makala amatuluka ofewa ngakhale chosakaniza chili bwino. Gulani ziwiri, kuti ina ikakhala kwa wowotcherera akuiwonjezera chitsulo cholimba, inayo ili pa ntchito.